Kudzutsa MGB imene inagona zaka zambiri

M'magalaja ambiri a kuseri kwa nyumba ku Britain mumapezeka kagalimoto ka mipando iwiri katakwezedwa pa zitsulo, kalibe zitseko, magalasi ngakhale injini, ziwalo zake zili balala m'makatoni ndi m'zitini zomwe zolemba zake zinafufutika kalekale. Kawirikawiri kagalimotoko kamakhala MGB, ndipo mwini wake anakaphwasula ali ndi chikhulupiriro chakuti pakatha chaka chimodzi kadzakhala pamsewu. Kuphwasula galimoto yotere kumatheka m'masabata awiri kapena atatu, koma kuimanganso kumadya zaka, ndipo nchifukwa chake m'malo otsatsa malonda a magalimoto akale simusowa anthu ogulitsa ntchito imene anaisiyira panjira.

MGB inayamba kugulitsidwa mu 1962, ndipo inkamangidwa pa fakitale ya MG mu tauni ya Abingdon, kufupi ndi Oxford, kufikira mu Okutobala 1980 pamene fakitaleyo inatsekedwa. Mkulu wa mainjiniya amene anaikonza anali Syd Enever, ndipo maonekedwe ake anajambulidwa ndi Don Hayter. Inali ndi injini ya masilinda anayi ya 1798 cc, yopereka mphamvu ya mahatchi pafupifupi 95, yokwanira kuithamangitsa kupitirira pang'ono makilomita 160 pa ola. Mu 1965 panabwera mtundu wa denga lachitsulo wotchedwa MGB GT, umene kampani ya ku Italy ya Pininfarina inathandiza kuukonza. Onse pamodzi anapangidwa magalimoto oposa 500,000, ndipo ochuluka mwa iwo anatumizidwa ku America. Kuchuluka kumeneku ndiko kumachititsa kuti munthu wofuna kuphunzira ntchito yodzutsa galimoto yakale ayambire pa MGB, popeza pafupifupi chiwalo chilichonse, kuyambira kabawuti kakang'ono mpaka bodi yathunthu, chikupangidwabe ndipo chimagulidwa chatsopano.

Anthu ambiri akaona galimoto yakale amathamangira kutsegula boneti kuti amve kulira kwa injini, koma pa MGB injini ndiyo nkhani yaing'ono. Nkhani yaikulu ili pa bodi. Galimoto imene inalipo MGB isanabwere, yotchedwa MGA, inali ndi chasisi yapayokha yolimba, ndipo bodi inkangokhala pamwamba pake ngati denga pa nsanamira, moti munthu ankatha kuinyamula ndi kuiika pambali. MGB ilibe chasisi yotero. Zitsulo zopyapyala za bodi zinapindidwa ndi kuwotchereredwa pamodzi kukhala bokosi limodzi, ndipo bokosi lomwelo ndilo limasenza injini, masipiling'i, giyabokosi ndi anthu okweramo. Choncho dzimbiri likadya mbali ina ya bodi, limakhala litadya mafupa a galimotoyo.

Pa galimoto yopanda denga lachitsulo, mphamvu yonse yogwira kutsogolo ndi kumbuyo kuti zisapindikirane imadutsa m'mitanda iwiri imene ili m'munsi mwa zitseko, yomwe amisiri a ku Britain amaitcha sill. Mtanda uliwonse suli chitsulo chimodzi ayi. Uli ndi chitsulo chakunja chimene chimaoneka, china choimirira m'kati mwake ngati chipupa chogawa chipinda, china cham'kati choyang'ana ku mipando, ndi china chapansi chotseka zonsezi, ndipo nsonga za mtandawo zinabisika kuseri kwa zitsulo zophimba matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Madzi ndi matope zimalowa m'mphako zimenezi, timabowo totulutsira madzi tikatsekeka chinyontho chimakhazikika, ndipo popeza m'nyengo yozizira misewu ya ku Britain imathiridwa mchere kuti madzi oundana asungunuke, chitsulo chimadyeka msanga kwambiri. Pa nthawi imene magalimotowa ankapangidwa, m'kati mwa mphakozi simunkapakidwa mankhwala okwanira oteteza chitsulo. Dzimbiri limagwira ntchito yake monga mmene chiswe chimachitira ndi phaso la nyumba, kudya m'kati kusiya khungu lakunja lili bwinobwino, kotero kuti pamene timatuza tayamba kuoneka pa penti, chitsulo choimirira cha m'kati chija chimakhala chitasanduka fumbi lofiira.

Nchifukwa chake munthu wodziwa akamayendera MGB yogulitsa amayamba wayang'ana mipata ya zitseko. Ngati mpata wa kumbuyo kwa chitseko wapanikizika pamwamba koma pansi uli wotakasuka, ndiye kuti galimotoyo yayamba kugwa msana. Amatenganso maginito kuyendetsa m'mbali, chifukwa pamene maginito sakugwira pamakhala phala lomatira limene amakaniko amalitcha fila, lopakidwa kubisa dzenje. Amakweza kapeti, amagogoda pansi pa mipando, amasuzumira pamene masipiling'i akumbuyo agwirira bodi, m'buti, ndi kuseri kwa mipando kumene kumakhala mabatire, malo amene asidi wodontha amathandizana ndi madzi kuwononga chitsulo. Choipa kwambiri ndi galimoto imene wina anaikonza mwachinyengo zaka zapitazo powotcherera chitsulo chatsopano pamwamba pa chowola, pakuti imaoneka yosalala pamene m'kati mulibe kanthu. Pothawa mavuto amenewa, ogula ambiri a ku Britain akhala akuitanitsa magalimoto amene anagulitsidwa kumadera ouma a America monga California ndi Arizona, kumene dzuwa limawononga mipando ndi penti koma chitsulo chimakhala chamoyo, kenaka amasamutsa chiwongolero kuchichotsa kumanzere kuchiika kumanja.

Kuphwasula ndi kumene ntchito yomanganso imapindulira kapena kuonongekera, ngakhale kuti pa nthawiyo munthu sazindikira. Wophwasula amadziuza kuti adzakumbukira kumene kabulaketi kalikonse kanachoka, koma pakapita zaka zitatu mabawuti onse amafanana. Amene anazolowera ntchitoyi amajambula zithunzi asanamasule chinthu, amaika mabawuti a chiwalo chilichonse m'kathumba kakekake kolembedwa, amamangirira kapepala ku waya aliyense, ndipo sataya chiwalo chakale ngakhale chitatheratu kufikira chatsopano chitalowa pamalo pake, chifukwa chakalecho ndicho mboni yokhayo ya mmene chinthucho chinkakhalira. Tizitsulo topyapyala timene timapezeka kuseri kwa mahinji a zitseko kapena pansi pa mabulaketi a chiwongolero timaoneka ngati zinyalala, koma anatiika ndi amisiri a ku Abingdon pofuna kuwongola galimoto imeneyo yokha, ndipo kutitaya nkudzipatsa ntchito ya masiku angapo kutsogolo.

Bodi ikatsala yokha, penti ndi phula la pansi zimachotsedwa kuti chitsulo chionekere poyera. Ena amapopera mchenga wapadera kapena zinthu zina zofewerapo, ena amamiza bodi yonse m'mankhwala. Kupopera mchenga mwamphamvu pa zitsulo zotambalala monga chitseko kumazipinda, ndipo boneti ya magalimoto oyambirira, yomwe inali ya aluminiyamu, siifuna nkomwe nkhanza zotere. Apa ndi pamene mwini galimoto amadziwa zoona zake za chimene anagula.

Mmisiri asanadule mtanda wowola, amayamba wawotcherera zitsulo zopingasa pakhomo la chitseko ndi pakati pa mbali ziwiri za galimoto, chifukwa akangodula popanda chogwiriziza, bodi imasuntha, ndipo ikasuntha ngakhale ndi mamilimita ochepa, mtanda watsopano udzaigwira ili chipindikire mpaka kalekale. Amakonza mbali imodzi kuimaliza asanakhudze inayo, kuti yotsalayo ikhale poyezera. Zitseko amazisiya pamahinji ake, kapena amazibwezerapo kawirikawiri, popeza chitseko ndicho muyezo weniweni: zitsulo zina zonse zimayenera kutsata icho. Ku fakitale zitsulo zinkalumikizidwa ndi timadontho ta moto mazanamazana, ndipo mmisiri amaboola kadontho kalikonse kuti achotse chitsulo chakale osang'amba chimene chili kuseri. Pobwezera chatsopano amaboola timabowo m'mphepete mwake nkumadzaza kamodzikamodzi ndi makina owotcherera, akudumphadumpha malo kuti kutentha kusaunjikane, pakuti chitsulo chopyapyala chonchi chikatentha kwambiri chimakwinyika. Kuti afike kunsonga zobisika za mtanda, amayenera kumasula chitsulo chophimba tayala lakutsogolo ndi kudula m'munsi mwa chakumbuyo. Amene amazemba gawo limeneli amakhala atangokongoletsa pakati, kusiya malo olumikizira ali owola.

Pali njira ina yachidule, ngakhale kuti ndi yodula. Mu 1988 kampani ya British Motor Heritage inayambanso kupanga mabodi atsopano a MGB pogwiritsa ntchito zikombole zenizeni zimene zinkapinda zitsulo za magalimotowa kale, zomwe zinafufuzidwa ndi kusonkhanitsidwa fakitale itatsekedwa. Ntchitoyi inayambira ku Faringdon, kenaka inasamukira ku Witney. Kupezeka kwa mabodi amenewa ndiko kunachititsanso kuti kampani ya Rover, mwini wa dzina la MG pa nthawiyo, itulutse galimoto yotchedwa MG RV8 mu 1992. Munthu amene bodi yake yaoleratu angathe kugula yatsopano nkusamutsiramo injini, giyabokosi, maekiselo ndi zina zonse. Komatu pamenepa pamabuka mtsutso umene eni magalimoto akale sautopa nawo: kodi galimoto imene bodi yake ndi yatsopano, mipando yatsopano, mawaya atsopano, ikadali galimoto ya 1967? Mwa kuona kwanga, bodi yatsopano yolimba imaposa yakale yodzaza zigamba zosadalirika, malinga ngati mwini wake sabisa zimenezo tsiku logulitsa. Wofuna kudziwa mmene galimoto yake inatulukira ku fakitale amalembera ku nyumba yosungira mbiri ya magalimoto ku Gaydon, m'chigawo cha Warwickshire, kumene amasunga mabuku a fakitale, ndipo amalandira chikalata chosonyeza masiku amene inamangidwa, mtundu wa penti yake ndi kumene inatumizidwa.

Penti isanapakidwe, mmisiri wosamala amamangirira chilichonse mongoyesa: zitseko, boneti, chitseko cha buti, mabampala, nyali, ngakhale felemu ya galasi lakutsogolo. Chifukwa chake nchakuti ziwalo zatsopano zopangidwa masiku ano sizilowa zonse bwinobwino. Zina mabowo ake amaphonya pang'ono, zina zimafuna kupala kapena kupinda, ndipo kupala chitsulo penti itauma kale nkuononga ndalama. Kale magalimotowa ankapakidwa penti yofewerapo imene munthu angathe kupopera pakhomo, koma penti ya masiku ano yosakaniza mankhwala awiri, ngakhale ndi yolimba ndi yowala, ili ndi poizoni woononga mapapo, ndipo imafuna chipinda chake ndi chovala kumaso cholandira mpweya wochokera kunja. Penti ikauma, m'mphako zonse amapoperamo phula lamadzimadzi kuti dzimbiri lisayambirenso kumene linayambira poyamba.

Injini, monga tanenera, siivuta kwenikweni. Ndi yachitsulo cholemera, yopangidwa mosavuta kumvetsa, ndipo malo ambiri okonzera injini amaidziwa. Masilinda amakulitsidwa pang'ono nkuikamo mapisitoni okulirapo, kirankishafuti imapalidwa nkulandira mabering'i oyenerana nayo, ndipo mutu wa injini umayezedwa ngati uli ndi mng'alu, umene umakonda kubwera pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu. Injini za 1962 mpaka 1964 zinali ndi mabering'i akuluakulu atatu, zotsatira zake asanu, ndipo ziwalo za mitundu iwiriyi sizisinthanitsidwa zonse. Chimene chasintha kwambiri ndi mafuta. Injiniyi inapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza pokhalira mavavu, koma petulo wotero analetsedwa ku Britain mu 2000, choncho pokonza mutu amaikamo mphete zachitsulo cholimba pokhalira mavavu otulutsa utsi. Kuyambira mu 2021 petulo wamba wa kumeneko ali ndi ethanol wofika magawo 10 pa 100 alionse, ndipo ethanol amafewetsa mapaipi a labala akale, amakokanso chinyontho m'thanki ya galimoto imene imangokhala osayenda. Amakaniko a ku Malawi, kumene petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982, sangadabwe nazo zimenezi. Paipi iliyonse ya mafuta iyenera kukhala ya mtundu wopirira ethanol.

Kumanganso kuli ndi ndondomeko yake, ndipo woiphonya amamasula zimene wamanga kale. Zimayamba ndi zinthu zimene pambuyo pake dzanja silidzafikako: mapaipi a mabuleki ndi a mafuta oyenda pansi pa galimoto, mtolo wa mawaya, bokosi lotenthetsa m'kati, ndi mota ya zopukutira galasi. Kenaka amamanga miyendo yakutsogolo ndi ekiselo yakumbuyo kuti galimoto iime pa matayala ake. Miyendo yakutsogolo yonse imakhala pa mtanda umodzi wopingasa umene umagwidwa ku bodi ndi mabawuti anayi, choncho ingathe kumangidwa pa tebulo nkukwezedwa yathunthu. Pali msampha umodzi wodziwika: sipiling'i yakutsogolo imapanikizidwa ndi jeke kuchokera pansi, koma ngati injini sinalowe, bodi imakhala yopepuka kotero kuti jeke amangonyamula galimoto yonse sipiling'i osapanikizika, ndipo sipiling'i yotere ikapulumuka ingathe kuvulaza munthu koopsa. Mabawuti odutsa m'mabushi a labala samangidwa kotheratu kufikira galimoto itatera pansi ndi kulemera kwake konse, apo ayi labalayo amakhala wopotoka ndipo amang'ambika msanga. Injini ndi giyabokosi zimalowa pamodzi zitalumikizidwa, zitapendekeka kwambiri, ndipo popeza kusintha kilatchi pa MGB kumafuna kutulutsanso injini, palibe wanzeru amene amabwezeramo kilatchi yakale.

Mabawuti a galimotoyi ndi a muyezo wa mainchi, ndipo masipanala ake ndi a 7/16, 1/2 ndi 9/16. Sipanala ya mamilimita 13 imaoneka ngati ikugwira nati ya theka la inchi, koma imaterereka nkudya makona ake, ndipo bawuti ya mamilimita ikakakamizidwa kulowa m'bowo la mainchi imaononga mizera ya m'bowomo. Pa magalimoto a mawilo a masipoko, wilo limagwidwa ndi nati imodzi yaikulu yapakati, ndipo nati za mbali ziwiri za galimoto zimamangira kosiyana, kuti kuyenda kwa galimoto kuzizimangitsa. Munthu akasinthanitsa mahabu, kuika lakumanja kumanzere, nati imadzimasula yokha pamsewu ndipo wilo limachoka.

Za magetsi a kampani ya Lucas anthu amanena nthabwala zambiri, koma mavuto ochuluka amachokera ku dzimbiri la polumikizira ndi kumene waya wagwira bodi, makamaka bodi ikangopakidwa kumene penti yokhuthala imene imatchinga magetsi. Mawaya ake ali ndi mitundu yotsata lamulo limodzi, ndipo woidziwa amawerenga mtolo wonse ngati kalata. Wabulawuni amakhala ndi moto nthawi zonse ndipo sadutsa pa fyuzi, woyera amalandira moto kiyi ikatsegulidwa, wobiriwira ndi wa kiyi womwewo koma wodutsa pa fyuzi, wofiira ndi wa nyali zing'onozing'ono, wabuluu ndi wa nyali zazikulu, wakuda ndi wopita ku bodi. Magalimoto oyambirira anali ndi mafyuzi awiri okha, mabatire awiri a mavoti 6 kuseri kwa mipando, ndipo mpaka 1967 mbali ya batire yolumikizidwa ku bodi inali ya positive, mosiyana ndi magalimoto a masiku ano. Woiwala zimenezi amawotcha wailesi kapena chiwerengero cha liwiro la injini pa tsiku loyamba.

Chimene chimalefula anthu ambiri kumapeto ndi galasi lakutsogolo la mtundu wopanda denga. Felemu yake ndi ya aluminiyamu, ya zigawo zinayi zomangidwa mozungulira galasi, ndipo labala watsopano wa pansi pake amakhala wouma kotero kuti pamafunika anthu awiri kapena atatu kuikanikiza kuti mabowo a mabawuti akumane. Ikapendekeka pang'ono, timagalasi ta makona atatu ta pazitseko timaigunda potseka, ndipo m'kupita kwa nthawi chitsulo cha chitseko chimang'ambika pamenepo, mng'alu umene pafupifupi mwini MGB aliyense amaudziwa.

Palinso chosankha china kwa amene ali ndi galimoto ya kumapeto kwa 1974 kupita mtsogolo. Pofuna kukwaniritsa malamulo a chitetezo a ku America, kampani ya British Leyland, imene inali mwini wa MG pa nthawiyo, inachotsa mabampala onyezimira nkuika akuda, olemera, okutidwa ndi pulasitiki yofewa, ndipo inakweza galimoto ndi pafupifupi inchi imodzi, zimene zinaichititsa kupendama kwambiri pokhota. Ambiri podzutsa magalimoto amenewa amawatsitsa ndi kuwabwezera mabampala onyezimira, ntchito yofuna kudula ndi kuwotcherera, pamene ena amati galimoto iyenera kukhala monga inabadwira. Kwa zaka zambiri a mabampala akudawa ankanyozeka ndipo mitengo yawo inali yotsika, koma popeza ochuluka asinthidwa, otsala osakhudzidwa ayamba kupeza owakonda.

Pa nkhani ya ndalama, chilungamo chake nchakuti kudzutsa MGB yowola polipira amisiri kumadya ndalama zoposa mtengo umene galimotoyo ingagulitsidwe itatha, chifukwa magalimotowa alipo ambiri ndipo maola a mmisiri ku Britain ndi odula. Amene amapeza phindu ndi wogula galimoto imene wina anamaliza kale. Boma limapepukitsako katundu pang'ono: galimoto yopitirira zaka 40 ingalembetsedwe ngati yakale nkusiya kulipira msonkho wa pamsewu, ndipo kuyambira 2018 siikakamizidwa kupita koyezedwa chaka ndi chaka ngati sinasinthidwe kwambiri. MGB iliyonse ya ku Abingdon inadutsa kale zaka zimenezo. Ngakhale zili choncho, galimoto imene mabuleki ndi chiwongolero chake zamangidwa ndi munthu wophunzira kumene iyenera kuonedwa ndi maso ena isanalowe pamsewu, ndipo mabungwe a eni magalimotowa monga MG Car Club ndi MG Owners' Club ali ndi anthu ambiri odziwa pofunika kuyang'ana.

Tsiku loliza injini koyamba, mapulagi amayamba achotsedwa, ndipo injini imazunguzidwa ndi sitata kufikira muvi wa oyilo utakwera, kuti mabering'i atsopano asayende ouma. Mawaya a mapulagi amaikidwa motsata dongosolo la kayakidwe ka masilinda la 1, 3, 4, 2. Ikalira, siisiyidwa kuti izingolira pang'onopang'ono ayi, koma imagwidwa pa liwiro lozungulira maulendo pafupifupi 2,000 pa mphindi imodzi kwa mphindi 20 kuti kamushafuti yatsopano izolowerane ndi ziwalo zoikhudza, wina akuyang'ana kutentha, wina akusuzumira pansi ngati pali chodontha. Makabuleta awiri a kampani ya SU amalinganizidwa pambuyo pake, ndipo amisiri akale amachita zimenezi ndi kapaipi kokha, mbali ina pakhutu, ina pakamwa pa kabuleta, kufikira mpweya wolowa m'makabuleta onse awiri utamveka mofanana. Kenaka galimoto imayendetsedwa mofatsa makilomita pafupifupi 800, oyilo woyamba amatayidwa, manati a mutu wa injini amamangidwanso, mipata ya mavavu imabwezeredwa pa 0.015 ya inchi, ndipo mwini wake amalowanso pansi ndi sipanala kuyesa bawuti iliyonse ya miyendo ndi ya mabuleki imene anaimanga zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo.